Mkeka wa Pesamino

Pesamino anabadwa ndi nkhope yoseketsa, ndipo nkhope yomweyo ndi imene inamulanda mlongo wake. Izi sindinachite kumva, ndinalipo. Ndinkamuimbira gitala m'gulu lathu la zisudzo kuno ku chilumba cha Savai'i kuyambira tili anyamata.

Masiku ena onse anali munthu wamba, wolima nthochi ndi kufula kokonati, wa miyendo ya matewe. Akalowa m'bwalo ankasanduka aitu, mzimu wa zisudzo. Aitu amanyoza aliyense, mfumu, abusa, ngakhale amayi busa, ndipo palibe mlandu, poti wolankhulayo ndi mzimu. Ine ntchito yanga inali kukwiya. Iye akayamba zopusa zake ndinkamukalipira, anthu n'kumafa ndi phwete.

Koma mzimu sungakubise kwa mlongo wako. Mwamuna salaula mlongo wake akumva, ndipo sewero likayamba kulowera kumeneko alongo amanyamuka okha. Wa Pesamino anali mmodzi yekha, Matalena, ndipo ndi Matalenayo amene anamulera mayi awo atamwalira. Anakwatiwa ku Auckland, kutali kutsidya kwa nyanja, ndiye mkuluyu pakamwa pake panalibe chitseko.

Tsiku lotsegulira holo ya tchalitchi tinasewera masana, kiriketi itatha. Pesamino anavala diresi, zikamba za kokonati pachifuwa, n'kukhala mayi wa ku Auckland wothawidwa ndi mwamuna.

"Bambo a kunyumba angopita kukagula buledi," ankatero akusuzumira kumsewu. "Anapita chaka chatha, koma abwera. Mwina pali mzere."

Kenako anayamba kufotokoza zimene mwamunayo anathawa kuchipinda. Zimenezo sindibwereza. Amayi ankagubuduka pamikeka, abusa akupukuta misozi.

Kuseka kunayamba kuzima kumbuyo, kukubwera kutsogolo. Pakhomo panaima Matalena, chikwama m'manja. Anali atangotsika sitima ya pamadzi ya m'mawa osauza munthu, chifukwa mwamuna wake anali atamuthawadi. Pesamino sankadziwa kanthu, ndikulumbira. Koma Matalena akanakhulupirira bwanji?

"Pitirizani, achimwene," anatero Matalena. "Mwafika pokoma."

Anakagona kwa azakhali awo n'kutsitsa mphasa zotchingira m'mbali mwa nyumba. Pesamino anatuma anthu, anabwezedwa. Anatumiza nsomba, zinabwerera. Ndiye anati achita ifoga: kukagwada pakhomo pa amene wamulakwira, utafunda mkeka waulemu, mpaka mwini wake atabwera kudzauvundukula. Akauvundukula, wakhululuka.

"Tenga akuluakulu a banja," ndinamuuza. "Ifoga sapita yekha munthu."

"Ndinalaula ndekha, ndigwada ndekha."

"Iwe, nkhope yakoyo ukuidziwa?"

"Ikhala kunsi kwa mkeka," anayankha.

Kutangocha anakagwada pakhomo pa azakhali aja atafunda mkeka. Nkhope inabisikadi, koma miyendo inatsalira kunja. Ana opita kusukulu anaona matewe aja n'kuyamba kukhikhitika. Anaitana amayi awo. Dzuwa lisanakwere pabwalo panali podzaza. Ifoga ya munthu mmodzi, popanda mfumu pambali pake, ndani anaionapo? Onse anati ndi sewero latsopano.

"Aitu wafunda lero, kwazizira kumanda?" anafunsa wina.

"Tulutsako mutu, Pesamino, tione ngati wadzola milomo."

Mkeka unayamba kunjenjemera. Munthu ankalira kunsiko, kulira kwenikweni, kwa mamina. Anthu anaomba m'manja, ati koma ndiye amatha mkuluyu. Ine magazi anawira.

"Zitsiru inu, simukuona kuti munthuyu akulira? Chokani pano."

Ndiye ndinathira mafuta pamoto. Moyo wawo wonse ankandiona ndikukalipira Pesamino kuti iwo aseke, ndipo anaseka kuposa pa holo paja. Sindinadanepo ndi anthu a kwathu ngati m'mawa umenewo.

Matalena ankamva zonse ali m'nyumba. Anatuluka, maso otupa, n'kuyang'ana khamu lija, wina atagwira nthiti, wina atakhala pansi ndi kuseka. Kenako anayang'ana mkeka.

"Kawiri, achimwene?" anafunsa. "Mwachita kundibweretsera pakhomo? Ndinakulakwirani chiyani ine?"

Sanaukhudze. Anatulukira kuseri ndi chikwama chake, n'kukakwera sitima ya masana. Pesamino kunsi kwa mkeka sanadziwe kuti wapita. Anthu atatopa anabalalika kukaphika, iye ali chigwadire, dzuwa likumuwamba msana.

Sanasewerenso. Gitala yanga inadyeka ndi chiswe. Anakhala zaka zambiri akufula kokonati, ndipo ngakhale atangoti "mwadzuka bwanji" anthu ankayamba kumwetulira, kudikira nthabwala. Matalena anamwalirira ku Auckland komweko, anaikidwa komweko, osatumizako ngakhale moni. Pesamino anamutsatira chaka chatha. Pamaliro pake abusa atangotchula dzina lake, ena kumbuyo anaseka, ndipo ine ndinatuluka.

Koma chimene chimandisowetsa mtendere ndi madzulo a tsiku la ifoga lija. Mkeka umenewo sudzichotsera wekha, ndipo mnzanga akanagwada pamenepo mpaka kufa. Mvula itayamba kuwaza ndinapita, ndinagwira nsonga ya mkeka, n'kuukweza pang'onopang'ono. Anadzutsa mutu, milomo itang'ambika ndi ludzu, nkhope yonse itawala ngati ya mwana.

"Achemwali?" anatero.

Kenako anaona kuti ndine.