Nthambi ya mkuyu yomwe ndinaibzala mozondoka

Amalume, lero ndakumbukira manyazi aja. Matipate atangoyamba, ine nditangochoka kukoleji ya zaulimi, munandipatsa nthambi ya mkuyu wa nkhuyu zotsekemera. Inali imodzi yokha, munabwera nayo pa njinga kuchokera ku Chipata. Ine ndi satifiketi yanga yonse ndinaibzala mozondoka. Munaizula msanga isanaume, n'kuitembenuza mukuseka: "Mphwanga, kodi kukolejiko mizu imamera kumwamba?"

Inu munatisiya, koma mtengo wanu ukubereka chaka chilichonse. Lero namwino wa pa Kamwendo anati angopereka moni, koma wakhala pamthunzi pake akudya nkhuyu, watsanzika katatu osadzuka. Ndamudulira nthambi, n'kuipaka makala kumunsi, paja nayenso ngwakukoleji. Apo m'pamene wanyamuka.