Kompyuta ya alamu anga inathamanga mpaka kukomoka

Lachiwiri lapitali ndinaperekeza alamu anga, a Sakala, ku Chipata. Tinakwera minibasi pa Mfuwe, tinameza fumbi njira yonse, chifukwa cha kanthu kotalika ngati chala, koti n'kubisa m'thumba la malaya.

Kanthuko amati memori. A Sakala amagwira ntchito mu ofesi ya loji ina ku Kakumbi, ndipo kompyuta ya kumeneko ndiyo imasunga zonse za alendo: abwera liti, alipo angati, amadya chiyani. Inenso ndemanga zangazi ndimalembera pomwepo Loweruka, choncho ikadwala ndimadwala nayo. Alamuwo anandifotokozera kuti memori ndi tebulo la kompyuta, pamene imayalapo ntchito. Tebulo likachepa, imangokhalira kutuluka ndi kulowa ndi katundu, ntchito osatha.

Eni loji, asanapite ku Lusaka, analola kuti memori igulidwe, chifukwa amayi Tembo, amene amalemba za alendo, ankadandaula kuti akatsegula zinthu ziwiri nthawi imodzi kompyuta imatsamwa. Koma a Sakala anali ndi zawo kumtima. Anali atawerenga m'magazini yosiyidwa ndi mlendo kuti ukatsegula bokosi la makinawo n'kusuntha timapulagi tina, kompyuta imathamanga kuposa liwiro limene anaipangira. Chofunika n'chakuti memori nayonso ikhale yaliwiro.

Wogulitsa wa ku Chipata anaika tiwiri pakauntala.

"Iyi ndi ya 64, yaikulu koma imayenda mwaulemu. Iyi ndi ya 32, yaing'ono koma ndi mphenzi. Mtengo ndi umodzi. Kodi kompyutayo imagwira ntchito yanji, bwana?"

"Zimenezo zisiyeni," anatero a Sakala. "Yothamanga ndi iti?"

Ine ndinalowererapo. "Alamu, kodi 32 si yomwe ili kale m'bokosi muja?"

"Alamu, inu ndinu a choko ndi bolodi. Za makina tisiyireni."

Tinabwera ndi mphenzi.

Lachitatu anatsegula bokosi. Memori yakale anaichotsa, ati nkhalamba singayende ulendo umodzi ndi mnyamata. Anasuntha timapulagi tija, n'kuitana aliyense: ophika, madalaivala, ngakhale asikauti awiri oteteza nyama zakutchire amene anangobwera kudzatunga madzi. Anayatsa. Kunena zoona inadzuka msanga. Kenako anatsegula masewera a makhadi, ndipo makhadi anauluka pasikirini ngati mpheta zodzidzimutsidwa m'munda wa mapira. Anthu anaomba m'manja. Msikauti wina anati ngakhale ku Lusaka kulibe yotere. Iye ku Lusaka sanapiteko.

Tsopano inu a m'chigwa muno mukuudziwa Okutobala. Masana ngakhale buluzi amapempha mthunzi. Makina ukawathamangitsa amatentha, ndipo amene analemba magazini ija mwina ankalemba atavala jekete.

Lachinayi nditaweruka kusukulu ndinadzera kuofesi kuja. Ndinapeza bokosi lili chitsegukire ngati mbuzi yosendedwa, fani italozetsedwa m'mimba mwake, thumba lonyowa litapachikidwa pawindo. Sikirini inali buluu yekhayekha. Amayi Tembo anali atagwira m'chiuno.

"Mwaswera bwanji, amayi?"

"Taswera bwanji? Funsani alamu anuwa. Ndatsegula mayina a alendo, ndatsegula kalata, yatsamwa ngati kale. Kenako yakomoka. Ndege ikutera 15 hours. Tikalandira yani?"

A Sakala anapukuta thukuta. "Musavutike, ndikukumbukira. Ndi bambo ndi mayi, awiri basi."

Dalaivala, a Mwale, anatenga kagalimoto kakang'ono n'kuthamangira kubwalo la ndege. Anakapeza banja lathunthu: bambo, mayi, ana, azakhali, agogo a ndodo, ndi masutikesi osawerengeka. Anachita kuwatuta ngati madzi, ulendo ndi ulendo. Agogowo anatsala pamthunzi ndi masutikesi mpaka dzuwa kulowa. Atafika onse, ophika anawalandira ndi nkhuku zootcha bwino, ndipo ndi pamene zinadziwika kuti banja lonselo silidya nyama. Zimenezi zinali zolembedwa ndithu, m'kati mwa kompyuta yothamanga kuposa zonse m'chigwa cha Luangwa.

Musawaseke okha alamu anga. Matendawa tonse tili nawo.

Munthu akagula njinga, funso lathu ndi liti? "Imathamanga?" Palibe amafunsa ngati inganyamule thumba la chimanga kuchokera ku Lupande osathyoka. Pa siteji timasankha minibasi ya dalaivala amene amati ku Chipata amafika tiyi asanazizire, kenako timagona m'tchire tikudikira tayala. Munthu akapita kumaphunziro a masiku ochepa, amabwera ndi satifiketi ndi chikwama, ndipo timamutcha katswiri. M'mutu mwalowa zochuluka bwanji, zimenezo ndi mwano kufunsa.

Nanga msewu uja umene umakonzedwa mwa liwiro la mphenzi akamva kuti kukubwera akuluakulu? Mvula yoyamba imaunyamula wonse, ife n'kutsala tikuyamikira kuti komatu anaupanga msanga. Mjigo umakumbidwa lero, mawa nyimbo ndi magule, mkuja amayi abwerera kumtsinje kumene kuli ng'ona.

Sindikunena kuti liwiro n'loipa. Njovu ikalowa m'munda mwako, usayambe kuganiza mozama, thamanga. Ndipo amene ntchito yake ndi kuulutsa makhadi, agule mphenzi, ndi ufulu wake. Koma wogulitsa uja anafunsa funso labwino, ndipo ife sitikonda kulimva: chinthuchi ntchito yake ndi yanji? Akuluakulu anati kuthamanga sikufika. Ife tinamva mawu oyamba okha, n'kuthamanga nawo.

Lachisanu a Sakala anabwezera timapulagi m'malo mwake, anamezanso fumbi la ku Chipata, n'kubwera ndi ya 64 ija yoyenda mwaulemu. Anabwezeramonso yakale kuti zithandizane. Lero Loweruka ndikulemba pa kompyuta yomweyi. Amayi Tembo atsegula zinthu zitatu nthawi imodzi, ndipo sinatsokomole n'komwe.

Koma ndili pakati polemba ndaona chinthu. Kutsogolo kwa bokosi kuli kawindo ka manambala obiriwira, kosonyeza liwiro la kompyuta. Nambala imene ikuwala pamenepo ndi yaikulu zedi, yoposa ngakhale imene ankaifuna Lachitatu.

"Alamu, simunati mwaibwezera pa liwiro lakale?"

Anayang'ana kukhomo, n'kutsitsa mawu. "Ndabwezera. Kawindoko kali ndi timapulagi takeake, sikagwirizana ndi za m'kati. Ungalembepo nambala iliyonse imene ukufuna. Abwana akabwera kuchokera ku Lusaka aone chitukuko."

Posachedwapa a Mwale alowa, ayang'ana nambalayo, aimba mluzu. Ati ngakhale kulira kwake kukumveka kuti ndi yothamanga.

Ndiye ndikufunseni, owerenga anga: pa manambala onse owala amene amatisonyeza m'dziko muno, ndi angati amene ali ndi waya wolowa m'kati?