Mkungudza wogwada wa Watipaso

Watipaso, mwana wa mlongo wanga, anabadwa akuyang'ana pansi. Azamba amalumbila kuti sanalile n'komwe, anangofinya dothi la m'nyumbamo n'kudandaula kuti lilibe manyowa. Sukulu sanapite nayo patali, chifukwa m'mbali mwa njila munali maluwa. Atakula anapita ku Chipata, kumene anasamala maluwa pabwalo la mayi wina wophunzitsa anamwino kwa zaka khumi ndi chimodzi.

Mayiyo atabwelela kwawo mu 1991, Watipaso nayenso anabwela kuno ku Magodi. Anzake ochokela m'tauni amafika ndi wailesi ndi masutikesi. Iye anatsika basi pa boma atakumbatila chitini cha mafuta ophikila, mkati muli kamtengo. Ulendo wonse chitini chinali pansi pa ambulela, mwiniwake padzuwa.

"Asibweni, uwu ndi mkungudza," anatelo pondionetsa ine malume ake.

"Iwe, mkungudza ndimaudziwa, umaima ngati msilikali. Uwu waledzela."

"Ndi mtundu wake. Sukwela m'mwamba. Nthambi zake zimatsikila pansi, ndipo umakhala wobiliwila chaka chonse."

"Umabala?"

"Ayi."

"Mthunzi?"

"Wa abuluzi."

Anatuta miyala kumtsinje, n'kuunjika mulu wofika m'chiuno patsogolo pa nyumba. Dothi analisakaniza ndi mchenga kuti madzi asamaime, kenako anabzala kamtengoko pamwamba penipeni, kopendekela. Patapita nthawi nthambi zinayamba kuyendelela pamiyala paja ngati madzi a pamathithi. Pa chilala cha 1992 mudzi wonse unafiila, ndipo chobiliwila chinatsala ndi mulu wa Watipaso basi. Madzi osamba ankagawana nawo, ndipo amene ankanyengedwa pakugawanako ndi iye.

Chaka chotsatila anakwatila Dainess. Mtsikanayo analowa m'banja akudziwa bwino kuti ndi mkazi wachiwili, woyamba ndi mtengo uja.

Tsopano bambo ake a Dainess, a Jethro, ndi mlimi wamkulu wa fodya, munthu amene chinthu chokhota chimam'dwalitsa mutu. Mizele ya m'munda mwawo mungaongolele mfuti. Ng'ombe zawo zimapita kudambo pamzele, yaitali patsogolo. Dandaulo lawo pa dziko lino ndi limodzi: ana a masiku ano sagwadanso.

Mu Julaye 1995 Watipaso anapita ku msika wa Lundazi kukagulitsa mbande za magwafa, n'kugonako masiku awili. M'mbuyo muno a Jethro anafika kudzaona mdzukulu wongobadwa kumene. Asanaone n'komwe mwana, anaona mtengo.

"Wodwala uyu mwamusiya pansi bwanji?"

Dainess anali m'nyumba ndi khanda. Pamene ankatuluka, bambo ake anali atadula kale mtengo wina wowongoka, ataukhomelela pakati pa mulu, atasonkhanitsa nthambi zonse n'kuzimanga ndi luzi lonyowa, chilili, ngati mtolo wa udzu. Anachita zonsezi ndi mtima wabwino, thukuta lili kamukamu.

Watipaso atafika anaima ndi njinga pachipata. Ine ndinalipo, ndipo ndinamva mtima wake ukugwa ngati dzungu. Koma mkamwini samasula mfundo imene amanga apongozi. Anatsamilitsa njinga, n'kugwada chapatali monga mwa mwambo, n'kuomba m'manja.

"Yewo, adada. Mwativutikila."

"Palibe kanthu, mwananga. Inu a m'tauni mumadziwa maluwa, koma mbewu yogwa imafuna mlimi."

A Jethro anati akhala sabata yathunthu. Luzi likamauma limakoka, ndipo linayamba kuluma khungwa. Masamba a mkati, osowa mpweya, anayamba kufiila. Lachinayi mkuluyo analengeza kuti Loweluka audula nsonga zonse ngati fodya, kuti uphuke ndi mphamvu. Watipaso ankadziwa kuti mkungudza ukaudula mpaka pamtengo wokhwima suphukanso, ndipo wina ngati umenewo kunalibe kuno konse. Anasiya kudya. Anaonda mpaka lamba anam'zungulila kawili.

Watipaso ananditumako ine kuti ndikalankhule ndi a Jethro, akulu okhaokha. Ndinapitadi. Tinakamba za mitengo ya fodya ndi nkhupakupa za ng'ombe, ndipo ndinabwelako nditawalonjeza kuwabweleka mpeni wanga wakuthwa. Munthu uja salankhulika.

Loweluka m'mawa a Jethro anakhala pampando akunola mpeniwo. Watipaso anabisala kuseli kwa nkhokwe. Dainess anatuluka ndi mwana kumsana, n'kugwada pafupi ndi bambo ake.

"Adada, ndifunseko. Kodi mtengowu unakulakwilani chiyani?"

"Kulakwa? Ndikuuchilitsa."

"Ife tinkati mukondwela. Tsiku lililonse mumati ana a masiku ano amaima njo pamaso pa akulu. Mkamwini wanuyu anausankha dala, wogwada, n'kuuika pakhomo kuti mlendo wolemekezeka akafika apeze wom'gwadila ngakhale eni nyumba kulibe. Inu mwafika, wakugwadilani, ndiye mwaumanga kuti uzikuyang'anani m'maso."

Mpeni unaleka kulila pamwala.

"Unkagwada?"

"Zaka zinayi, adada. Osadzukapo."

A Jethro anayang'ana mtolo uja nthawi yaitali. Kenako anaimilila, n'kudula luzi ndi mpeni womwewo, mfundo imodzi imodzi. Nthambi zinatsika pang'onopang'ono mpaka zinakhudza nsapato zawo. Mkuluyo anavula chipewa.

"Mwaona? Mtengo wa ku Chipata uli ndi mwambo kuposa ana a mlongo wanga onse. Mwananga uli kuti? Bwanji sunanene?"

Watipaso anatulukila akukwawa ndi maondo. Tsiku limenelo anadya mbale zitatu ndi ya Dainess yomwe.

Nthambi ziwili zinauma ndithu. Ina imodzi inakana kutsikanso, mpaka lelo imaloza kumwamba, ndipo pamudzi timaitchula kuti nthambi ya a Jethro. Watipaso saidula. Amangoizungulila akamachotsa masamba ouma, n'kupukusa mutu.

Mvula itagwa anakanikiza nthambi ina pansi ndi mwala mpaka inamela mizu, n'kuiika m'chitini chakale chija, n'kupita nayo kwa apongozi ake. A Jethro anaunjika mulu wawo wa miyala, wa makona anayi, woyezedwa ndi chingwe. Mwana wa m'mudzimo akadutsa osapeleka moni, amamuitana n'kumuimika patsogolo pa kamtengoko kuti aonele.