Chisanu Chimene Amayi Ananenepa

Mphete ya ukwati ya amayi inkakhala m'kapu yothyoka chogwirira, pamwamba pa wadiropu, ili yodulidwa pakati. Amene anaidula ndi pulayazi ndi bambo mwini bwalo limene tinkachitapo lendi ku Chaneng, ku Joni, tsiku limene chala cha amayi chinatupa mpaka kuda bii. Ine ndi amene ndinagwirizira dzanjalo pa thebulo. Ndinali ndi zaka khumi, ndipo ndinene zoona, chisoni changa chonse chinali pa mpheteyo, osati pa chala.

Abambo kunalibe. Anawagwira opanda mapepala akuchokera ku shifiti, n'kuwakweza kubwerera ku Malawi, ndipo pofika chisanu chimenecho inali itakwana miyezi isanu ndi inayi chichokereni. Tinatsala awiri m'kachipinda ka malata, kamene m'mawa kankazizira mpaka madzi a m'ndowa kuluma mano. Amayi ankachapa ndi kusita zofunda ku nyumba ina yogona alendo ku Ledig. Ankabwera akununkhira sopo, fumbi la m'misewu ya kumigodi lili mbuu m'nsapato.

Abambo asanagwidwe n'komwe, amayi anali atayamba kudwala. Anawonda mochititsa mantha. Khungu linada, mpaka nkhama ndi mizere ya m'manja. Ankathira mchere pachikhatho n'kumanyambita ngati mbuzi, ndipo akaimirira msanga ankagwira khoma chifukwa cha chizungulire. Anthu ankanong'onezana za matenda aja amene nthawi imeneyo sitinkawatchula dzina. Kuchipatala anawayeza, sanawapeze nawo. Chimene anapeza n'chakuti tiziwalo tiwiri tating'ono tokhala pamwamba pa impso tinali titasiya ntchito. Tiziwalo timeneti timapanga mahomoni amene amagwirizira shuga, mchere ndi kuthamanga kwa magazi m'thupi. Anawapatsa timapilitsi toyera tolowa m'malo mwa mahomoniwo, toti azimwa tsiku ndi tsiku moyo wawo wonse. Zimenezi ndikuzilongosola lero ndili wamkulu. Panthawiyo ndinkangodziwa kuti ntchito yanga ndi kutunga madzi omwera.

Mankhwalawo anagwira ntchito, abale! Pasanathe sabata ziwiri amayi anadzuka, n'kumaimba akusesa. Kenako kunabwera njala. Buledi wathunthu ankatha pa tiyi mmodzi, ine ndikuyang'ana kukamwa kuli yasa. Nkhope inazungulira, masaya kukwera mpaka maso kuchepa, mimba kutuluka, koma manja ndi miyendo zinatsala zowonda zomwe zija. Ludzu silinkatha. Tsiku lina ndikukataya ndowa yokodzeramo ndinapeza nyerere zitaizungulira, ndipo ndinadabwa kuti zikufunamo chiyani. Ndikudziwa tsopano kuti muyezo wa mankhwala unali utapitirira pa umene thupi lawo linkafuna. Ndiwo unkakweza shuga ndi kuunjika mafuta kumaso ndi pamimba, ndipo chinkafunika ndi kuwachepetsera pang'onopang'ono basi.

Ku tchalitchi chathu cha Amalawi, chimene chinkakumana m'garaja ya munthu, poyamba zinali zoyamikira. "Ha, Joni yakukondanitu, mayi!" Amayi ankangomwetulira. Koma mabatani a bulauzi atayamba kukana, mawu anasintha. Mimba ikukula, mwamuna ali kumudzi, mphete palibe. Mayi wina amene anabwera kudzationa anapenya timapilitsi tija pawindo. Timapilitsi tating'ono, tomwa tsiku lililonse, tonenepetsa mkazi: iwo ankadziwa mtundu umodzi wokha, tolera. Mpaka lero zimandipsetsa mtima. Nanga munthu angakhale ndi pakati uku akumwanso zolera? Koma miseche ilibe masamu. Ena anatenga ya mimba, ena anatenga ya mapilitsi, ndipo zonse ziwiri zinakafika ku Segwaelane kwa malume.

Malume anali mchimwene wawo wamkulu wa amayi. Anagwira ntchito pansi pa mgodi kuyambira ali mnyamata, ndipo tsopano ankadya penshoni ndi kutsokomola. Iwo ndiwo anali nkhoswe ya ukwati wa amayi. Kwathu, mkazi akalakwa m'banja woyankha ndi mlongo wake, ndiye mbiri imeneyi inali itagwa pamutu pawo. Anabwera Loweruka masana atavala jekete ya ku tchalitchi, n'kukhala pa kireti panja. Amayi anagwada chapakhomo. Moni atatha, malume sanawafunse amayi kanthu. Anatembenukira kwa ine.

"Iwe, amayi ako amamwa chiyani m'mawa?"

Kalanga ine! Ndinathamanga ndi liwiro lonse, ndikunyada kuti andifunsa chinthu chimene ndikuchidziwa, n'kubwera ndi kathumba konse ka mapilitsi, n'kukapereka ndi manja awiri. Malume anakatembenuza uku ndi uku. Zolembedwapo sanaziwerenge, chifukwa magalasi anali atawasiya, ndipo Chingelezi cha kuchipatala sichinali chawo.

"Aikona," anatero, mawu awo a kumgodi aja. "Mlamu wanga ali kumudzi. Izi n'za chiyani?"

"Ndi a kuchipatala, achimwene."

"Zolera nazonso n'za kuchipatala."

Anakapinda kathumbako n'kukalowetsa m'thumba la m'kati la jekete. Anati akasunga mpaka atalankhulana ndi ankhoswe a kuchimuna, ndipo mwezi ukatha tonse tidzaona kuti mimbayo ndi ya chiyani. Ndinayembekezera kuti amayi akana. Anangoyang'ana pansi n'kuvomera, kenako anadzuka kukaphika tiyi.

Lamulungu kunalibe chachilendo, kupatula kuti ku tchalitchi palibe mayi amene anakhala pafupi nafe. Lolemba amayi anapita kuntchito koma anabwerako dzuwa lili pamutu, akuti miyendo ikulemera. Lachiwiri anayamba kusanza. Anati ndi malungo, ndipo ine ndinakhulupirira, ngakhale kuti mwezi umenewo udzudzu kunalibe. Buledi anakhala pa thebulo osakhudzidwa mpaka kuuma. Ndinawayang'ana kumaso ndi kuona ngati masaya akuphwa, ndipo, Mulungu andikhululukire, ndinasangalala. Ndinati amayi anga akale akubwerera.

Lachitatu m'mawa sanadzuke. Milomo inali youma, manja ozizira ngati chitsulo cha pa geti. Anandiuza ndi mawu apansipansi kuti ndizipita kusukulu, ndisachedwe.

Aphunzitsi athu anali mayi wa Chitswana, wamtali, wa choko pasiketi nthawi zonse, amene tonse tinkamuopa. Anaona kuti m'kope mwanga mulibe ngakhale deti. Pa nthawi yopuma anandiitana, ine n'kumaganiza kuti ndi chilango. Atandifunsa chavuta n'chiyani, zonse zinangotuluka, m'Chitswana changa chosakaniza: kusanza, malume, jekete. Anandifunsa dzina la mankhwalawo. Kulitchula sindinkatha, koma ndinali nditaliwerenga pa kathumba m'mawa uliwonse, ndiye ndinalilemba pa bolodi chilembo ndi chilembo. Aphunzitsi anaimbira foni mng'ono wawo amene anali namwino, n'kumuwerengera. Ndinaona nkhope yawo ikusintha uku akumvetsera. Tiyi anamusiya pa desiki akutuluka nthunzi. Anandigwira pamkono, ndipo aka kanali koyamba kuona aphunzitsi akuthamanga.

Amayi tinawapeza pansi, pakati pa bedi ndi chitseko, dzanja limodzi litatambasukira kukhomo. Maso anali otsekuka pang'ono, koma sankationa. Ndinawaitana, ndinawagwedeza, zii. Kulira sindinalire, ndinangoima chiriri ngati mtengo, mpaka aphunzitsi anandikalipira kuti ndikaitane eni bwalo. Anawanyamula anthu atatu n'kuwagoneka kumpando wakumbuyo kwa galimoto ya aphunzitsi, mutu pamiyendo panga. Njira yonse ndinkangomvetsera ngati akupuma.

Kuchipatala sanatiimike pa mzere. Aphunzitsi atangotchula dzina la mankhwala ndi masiku amene apita, anthu anayamba kuthamanga. Anawabaya jekeseni, n'kuwakoleka diripi, ina itatha ina. Adokotala anauza aphunzitsi kuti magazi ankayenda mofooka kwambiri ndipo shuga uja amene anali wokwera anali atagwa pansi, moti tikanadikira kuti sukulu iweruke sitikanawapeza. Chimene chinandizunguza mutu n'chakuti dzuwa lisanalowe, munthu amene ndinamuona ngati wakufa anatsegula maso n'kupempha madzi.

Malume anafika ndi tekisi chamadzulo, jekete yomwe ija, kathumba kali m'thumba momwe muja. Adokotala anawafotokozera pang'onopang'ono, aphunzitsi akuthandizira kumasulira, kuti palibe mimba, palibe zolera, ndipo thupi la amayi popanda timapilitsi timeneti silingathe kudziimika lokha. Malume anavula chipewa. Anatulutsa kathumbako n'kukaika pa kabati ya pambali pa bedi. Munthu amene anapulumuka miyala ya mumgodi zaka zonsezo anakhala pansi penipeni, pa simenti ya m'chipatala.

"Ndikanapha mlongo wanga ine," anatero, kawiri, osauza aliyense.

Safunsa anadya phula, koma apa phulalo anatsala pang'ono kudyetsa wina. Ndinadana nawo malume zaka zambiri, ndipo ndinadzida ndekha chifukwa cha liwiro lija. Amayi a ku tchalitchi anabwera Lamulungu ndi malalanje ndi nyimbo, popanda ndi mmodzi yemwe wopepesa. Patapita miyezi mankhwala anachepetsedwa, nkhope inaphwa pang'ono, shuga anakhazikika, ndipo nkhaniyo inaiwalika ngati sinachitike.

Koma chimene chimandibwerera kwambiri ndi cha tsiku lachiwiri m'chipatala muja. Namwino amene anawapatsa amayi mankhwalawo poyamba anamva kuti agonekedwa, ndipo anabwera ku bedi lawo. Malume anali atatuluka. Ine ndinali pa mpando, ndipo mwina anaganiza kuti mwana wa ku Malawi samva Chitswana. Sanakuwe, koma anali atakwiya.

"Mayi, ndinakuuzani kangati? Ndinakukhazikani pansi. Ndinati mankhwala awa sasiyidwa, mukawasiya mufa, ndipo akatayika mubwere tsiku lomwelo tikupatseni ena. Si inu munabwereza mawu anga?"

Amayi anatembenukira kukhoma. Namwino atachoka, ndinawamvera chisoni kuti akalipiridwa akudwala. Ndinaganiza kuti matendawo anawasokoneza mutu n'kuiwala. Ndinayandikira n'kuwanong'oneza kuti asadandaule, kuyambira lero ndiziwakumbutsa ine. Anandisisita m'mutu osatembenuka.

Ndinali mwana, ndipo ndinkakhulupirira kuti munthu akhoza kuiwala zoti afa. Sindikanatha kumvetsa kuti amayi sanaiwale kanthu. Lolemba lija, pochokera ku Ledig miyendo ikulemera, tekisi yawo inadutsa pa geti penipeni pa kiliniki imene ankalandirako mankhwala, ndipo sanatsike. Anali atatopa ndi maso a anthu mpaka kufika poti bola mimbayo iphwe aone okha, ngakhale atadzaionera posambitsa mtembo.