Msinkhu wa Wapolisi

Dzulo wailesi inalengeza kuti kupolisi akulemba anthu ntchito. Atatchula za kutalika, ndinaseka ndekha.

Ndili mwana ku Kanyenda, amalume anandiuza kuti kupolisi satenga anthu aafupi, ndipo ine yunifolomu ija ndinkaifuna kwambiri. Tsiku lina nditagona pamkeka, pafupi ndi thandala la usipa, mlongo wanga wamkulu anandidumpha dala. Kwathu aliyense amadziwa kuti mwana akadumphidwa sakula.

"Achemwali, chonde ndidumpheninso mobwerera," ndinapempha misozi ili mbwee.

"Pepani bwana wapolisi, miyendo yanga yatopa," iwo anatero. "Kandipirikitsireni mbalame kumpunga, mwina ipumako."

Ndinapita. Anzanga akamalowa m'kalasi, ine ndinkaimba chitini m'matope, udzudzu ukundidya. Miyendo ya achemwali inapuma mpunga utakololedwa, ndipo chaka chotsatira anandidumphanso. Ndinkathokoza nthawi zonse, poti munthu wofuna kutumikira boma ayenera kukhala waulemu.

Mankhwala awo anagwiradi ntchito, moti lero ndimachita kuwerama polowa m'nyumba. Kungoti apolisiwo amafunanso satifiketi ya Folomu 4, ndipo mbalame za ku Kanyenda sizipereka imeneyo.