Unkhoswe Umene Ndinaulandira ku Glasgow

Mlongo wanga ali ndi mwana wamkazi mmodzi yekha. Mwanayo atapeza malo pa yunivesite kuno ku Glasgow, ndine ndinakamulandira ku bwalo la ndege, atavala juzi yopyapyala, mano akugundana ndi kuzizira. Kwathu ku Dedza mwana wa mlongo wako ndi wako: akalakwa amaitana iwe, akapeza banja amadzagogoda kwa iwe. Mlongo wangayo anandiimbira foni tsiku lomwelo nati, "Achimwene, mwanayo ali m'manja mwanu."

Anakhala nafe ku Springburn mpaka kumaliza maphunziro. Ine ndimagwira ntchito yokonza sitima, mayi a kunyumba amasamalira okalamba. Ana athu obadwira kuno ukawafunsa m'Chichewa amakuyankha m'Chingerezi cha ku Glasgow, chomwe ngakhale ine nthawi zina chimandipita pambali. Mtsikanayu ndiye anabwezera Chichewa m'nyumba mwathu. M'mawa ankagogoda pachitseko n'kunena kuti, "Mwadzuka bwanji amalume?" Ankaimbanso kwaya ku tchalitchi kumene ine ndine mkulu wa mpingo.

Zaka zimenezo n'zimene nyumba ya malamulo ya kuno inkakangana zolola maukwati a amuna okhaokha kapena akazi okhaokha. Nkhaniyi inali ponseponse, pa wailesi, m'basi, kuntchito. Lamulungu masana Amalawi timasonkhana patokha mu holo ina ku Easterhouse, kupemphera m'chinenero chathu, kenako kumwa tiyi. Pa tiyi pamenepo nkhani inali yomweyo. Wina ankati dziko lino latha, wina ankati tibweze ana kumudzi asanaonongeke. Mtsikanayu ankatolera makapu n'kupita nawo kukhitchini. Lamulo lija linadutsa, ife tinapukusa mitu, moyo n'kumapitirira.

Atamaliza sukulu anapeza ntchito ya makompyuta, nasamukira ku Pollokshields, m'nyumba ya m'mwamba imene ankakhala ndi mnzake wa konkuno, mphunzitsi wa ana aang'ono. Mnzakeyo tinkamudziwa. Ankabwera kwathu pa Khirisimasi, wamtali, woseka msanga, wosachita manyazi kutsuka mbale m'nyumba ya eni.

Loweruka lina mtsikanayu anandiitana kuti ndipite ndekha. Ndinakwera sitima ndikuganiza kuti mwina ntchito yamuthera. Anandipatsa tiyi, kenako anagwada pansi pafupi ndi mpando wanga, zimene anali atasiya kalekale.

"Amalume, ndapeza banja."

Ndinaseka ndi chimwemwe. "Zoona? Mnyamatayo ndi wa kuti? Ndi wakumudzi kapena wa konkuno?"

"Si mnyamata, amalume. Mukumudziwa kale. Ndi amene ndimakhala nayeyu."

Ndinaika kapu pansi. Panja pankamveka ana akusewera mpira mumsewu. Ndinafunsa funso lopusa, loti kodi amayi ake akudziwa. Anati ayi, sizingafike kwa amayi zisanadutse kwa malume.

"Ku ofesi ya boma safuna nkhoswe," anatero. "Amangofuna mboni, ndipo mboni ndingatole pamsewu. Koma ine sindikufuna kulowa m'banja ngati munthu wopanda kwawo. Ndikupempha inu mukhale ankhoswe anga."

"Ukudziwa chimene ukundipemphachi?"

"Ndikudziwa. Ndapemphera kuti zindichoke kuyambira ndili ku sekondale. Sizinachoke. Ndatopa n'kunama."

Sindinavomere, sindinakane. Ndinamuuza kuti adzuke pansipo, mawondo angamupweteke, ndipo ndinatuluka.

Mayi a kunyumba nditawafotokozera sanadabwe monga ndinkayembekezera. Anati akazi amaona zinthu msanga, anali atazindikira kalekale koma ankaopa kutchula. Kenako anati, "Bambo, mwanayo ndimamukonda, akadwala ndidzamusambitsa ndi manja angawa. Koma ku ukwati umenewo phazi langa silikapondako. Ndikatero ndiye kuti zonse ndinaphunzira chibadwire ndazitaya." Sindinawatsutse. Nanenso ndinaphunzira zomwezo, pa benchi imodzimodziyo.

Chovuta chinali foni ya kumudzi. Ndinaimba Lamulungu m'mawa, ndikudziwa kuti mlongo wanga akhala atabwerako ku mapemphero oyamba. Anamvetsera osandidula mawu.

"Achimwene, ndinakutumizirani mwana kuti aphunzire. Mwamuphunzitsa zimenezi?"

"Achemwali, palibe anamuphunzitsa. Akuti anali choncho ali komweko."

"Bodza! Ine ndinamubereka, ndikanadziwa." Anayamba kulira. "Kuno zimenezo amamanga nazo. Mukudziwa inu? Akadzabwera apolisi adzamutengere pakhomo panga? Nanga ine kuchigayo ndidzayenda bwanji? Ku tchalitchi ndidzakhala pati? Inu muli kutali, manyazi adzagwera ine."

Pa zimenezo sanali kunama. Ukwati umene kuno amaulembetsa ku ofesi masanasana, kumudzi ungamulowetse munthu m'ndende. Mwana yemweyo, kuno mkwatibwi, uko wamilandu, kusiyana kwake ulendo wa pa ndege basi. Mlongo wanga anamaliza ndi mawu akuti, "Mukakapitako, musadzanditchulenso kuti mlongo wanu."

Masabata otsatira ndinkapita kuntchito ngati munthu wodwala malungo. Ndinakaonana ndi abusa a mpingo wathu, mkulu wa konkuno wa imvi mbuu. Anandiuza kuti mpingo wawo womwe unagawanika pa nkhaniyi, abusa ena amadalitsa maukwati otere, ena amakana, ndipo iwo eni sanafike pokhazikika maganizo. Ndinapita kukafuna yankho, ndinabwerako ndi munthu wina wosokonezeka ngati ine.

Amene anandisuntha anali munthu amene sindinkamuganizira n'komwe, bambo ake a mphunzitsi uja. Anatuma uthenga kuti akufuna kundiona. Ndinawapeza kwawo ku Easterhouse, mkulu wopuma pa ntchito yoyendetsa basi, wamasiye, wolankhula mothamanga moti ndinkawapempha kuti abwereze. Pakhoma panali mtanda ndi chithunzi cha malemu akazi awo. Anandiuza mosabisa kuti mwana wawo atawaululira, anatha nthawi yaitali osamulankhula. Anati ngakhale panopa sakumvetsa, ndipo ansembe awo sakugwirizana nazo.

"Nanga bwanji mukupita ku ukwatiwo?" ndinawafunsa.

"Ndinayesa kukhala wopanda mwana," anatero. "Sindinakwanitse."

Kenako anandifunsa kuti nkhoswe n'chiyani, poti ankangomva atsikanawo akutchula. Ndinawafotokozera kuti nkhoswe si munthu wa pa phwando. Ntchito yake imayamba alendo akabalalika. Banja likayambana, amadzutsidwa ndi iye. Wina akadwala, woyamba kumva ndi iye. Pakagwa maliro, ndiye amanyamula uthenga kupita nawo kuchimuna kapena kuchikazi. Mkuluyo anagwedeza mutu nati, "Ndiye kuti ine ndikadzafa, mwana wangayu adzakhala ndi pothawira." Pobwerera m'basi ndinaganiza za mwana wa mlongo wanga: atadwala mwakayakaya m'dziko la eni lino, ndani angadziwe kuti kwawo n'kuti, ngati ine ndamutaya?

Ndinapita ku ukwatiwo. M'mawa mwake ndinapeza malaya anga oyera atasitidwa, atapachikidwa pachitseko. Mayi a kunyumba anali atapita kale kuntchito, ngakhale silinali tsiku lawo logwira. Ku ofesi ya boma mwambo unali waufupi, mvula ikuwaza pa mawindo. Kumbali ya mphunzitsi kunadzaza abale ndi anzake. Kumbali yathu kunali ine, ana anga, ndi anzake ochepa a kuntchito. Mmalawi wina wamkulu panalibe. Palibe analuluta. Mwana wathu amene ankaimba kwaya anakwatiwa popanda nyimbo ya kwawo ngakhale imodzi.

Pa chakudya anandipempha kuti ndipereke malangizo. Ndinaimirira ndili ndi mawu amene ndawanena pa maukwati ambiri, onena za mwamuna ndi mkazi wake, ndipo ndinaona kuti ambiri mwa iwo sakulowa. Ndinangoti asagone ndi mkwiyo, asatulutse za m'nyumba kupita nazo pamsewu, zikavuta abwere kwa ine ndi kwa bambo ake a mphunzitsi uja. Ndinanena m'Chichewa, mwana wanga wamkulu n'kumamasulira mopunduka. Mtsikanayu analira, nanenso ndinakhala pansi msanga.

Chithunzi cha tsikulo chinafika kumudzi sabata isanathe. Sindikudziwa anatumiza ndani. Chinazungulira m'mafoni a abale, ine ndili pakati pa akwati awiriwo, nditavala tayi. Ku msonkhano wathu wa Lamulungu masana, mkulu mnzanga amene tinabwera kuno nyengo imodzi ananditengera pambali. Sanakalipe. Anati, "Achimwene, anthu akhumudwa. Mwina muyambe mwapuma kulalikira kufikira mitima itatsika." Ndinavomera. Ndimapitabe, ndimakhala kumbuyo. Ena amandipatsa moni wa dzanja, ena amayang'ana m'kapu. Mayi wina amene sitinkayankhulana kwenikweni anandipeza pokwerera basi, nandigwira mkono, nati, "Nanenso ndili ndi mwana wamwamuna ku Manchester." Nthawi yomweyo basi yake inafika.

Mlongo wanga anasunga mawu ake. Foni yanga sankayankha. Uthenga wa maliro a msuweni wathu ndinaumva kwa anthu ena, mwambo utatha kale. Nthawi yomweyo kumudzi nkhani ya maukwati otere inali itatenthanso: atsogoleri a mipingo anayenda m'misewu ndi zikwangwani, khothi linati lamulo likhale momwe liliri. Ndinkaonera pa foni nthawi yopuma kuntchito, ndikuzindikira nyimbo zimene ankaimba poyendapo, nyimbo zimene ndimaimba inenso.

Chaka chathachi mlongo wanga anagwa kumunda, mbali imodzi ya thupi inafooka. Anatiuza ndi mwana wake wamwamuna. Mtsikanayu anaganiza zopita kukamudwazika. Mkazi wake ankafuna kumuperekeza, ndipo anayambana kwambiri, mpaka anandiitana. Unali mlandu wanga woyamba monga nkhoswe. Ndinakhala pakati pawo pa tebulo la kukhitchini, ndipo ndinagamula mopweteka: mtsikanayu apite yekha, mphete asiye kuno, zithunzi za m'foni afufute. Mphunzitsi uja anandiyang'ana maso ali gwa, nati, "Ndiye kuti kumeneko ine kulibe." Ndinati inde, kumeneko iye kulibe, ndipo ndikufuna mwanayu abwerere wamoyo ndi womasuka. Anatuluka m'chipindamo. Koma tsiku la ulendo ndiye anayendetsa galimoto kupita ku bwalo la ndege.

Mtsikanayu anakhalako mpaka amayi ake atayamba kuyenda ndi ndodo. Ankawasambitsa, kuwadyetsa phala, kuwatembenuza pamphasa. Amayi akewo analandira zonsezo, koma tsiku loyamba anamuuza kuti za ku Ulaya zisatchulidwe pakhomopo. Alendo akafunsa ngati anakwatiwa, ankayankha okha kuti, "Ayi, akadali pa ntchito." Mwana wa mlongo wangayo ankangowerama n'kumapitiriza kuchapa.

Atabwerako anadzationa ku Springburn, atawonda, atada ndi dzuwa. Mayi a kunyumba anamukumbatira nthawi yaitali, namufunsa za odwala, za mvula, za chimanga, osafunsa za munthu amene anatsala m'galimoto panja. Ine ndinadikira mpaka titatsala awiri.

"Amayi ako ananditchulako?"

Anaganiza kaye, ngati akufuna kundisankhira mawu ofewa.

"Tsiku lina anafunsa ngati chifuwa chija chimakuvutanibe nthawi yozizira. Ndinati inde. Anati muzivala mpango."

"Basi?"

"Basi, amalume."

Ndinamuperekeza mpaka pagalimoto, ndinapereka moni kwa mkazi wake, ndinawauza kuti ayende bwino. Madzulo ake ndinayesanso kuimba kumudzi. Foni inaitana mpaka inaduka yokha.