Kaiti Imene Inanyamula Dzina la Achimwene

Ndikatseka maso ndimaionabe kaiti ija italendewera pa waya wa telefoni m'mbali mwa njanji ku Limbe, mchira wake wansanza ukugwedezeka ndi mwera. Inakhala pamenepo kuyambira mwezi wa Julaye mpaka mvula yoyamba, ndipo ukaima pakhomo pathu unkaiona bwinobwino. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndisanapondepo m'kalasi. Ntchito yanga inali kutola malasha ogwa m'sitima, kukaperekera bambo chakudya kumene ankanyamula mabelo a fodya, ndi kuthirira mpiru wa amayi kudambo. Nyengo imeneyo tauni yonse inkanunkha fodya ndi utsi, milomo inkang'ambika ndi chisanu, ndipo mnyamata wopanda kaiti sankawerengedwa ngati munthu.

Achimwene anga anali ankhonya. Wansembe wachifalansa amene anawabatiza anawapatsa dzina loti Honoré, ife kunyumba tinkati Onole, ndipo makalaliki a kuholo ya nkhonya ankangolemba mmene khutu lawauzira tsikulo. Anamangirira thumba la mchenga pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, ndipo m'mawa uliwonse tinkadzuka ndi phokoso lake, di di di, mpaka mame kuuma. Amayi ankadana nazo kwabasi. Ankati munthu amene Mulungu anamupatsa nkhope yabwino sakaipereka yekha kwa anzake kuti aiphwanye. Komabe achimwene akabwera ndi diso lotupa Lamlungu madzulo, amayi omwewo ndi amene ankafunditsa madzi amchere n'kuwathowa.

Pansi pa bedi la achimwene panali sutikesi yachitsulo, ndipo m'menemo munali mapepala awo: nkhani zodula m'nyuzipepala, ndi khadi lolimba lachikasu lokhala ndi zidindo, limene ankalembapo nkhonya iliyonse imene amenya. Kunali munthu ku Halale amene anawalonjeza malo ngati atabweretsa umboni umenewo. Ine zonsezi sindinkazidziwa. Chimene ndinkadziwa n'choti anzanga onse anali ndi makaiti, ndipo mapepala a matumba a simenti anali atatha pakomboni ponse.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'choti ndinasamala. Sindinangotola chitoletole ayi. Ndinagwada pansi n'kusankha bwinobwino, pepala lililonse lokhala ndi chithunzi n'kulibwezera m'sutikesi, poganiza kuti chofunika kwa munthu ndi chithunzi. Ndinasiya chithunzi cha njinga, ndinasiya cha mayi wonyamula sopo. Ndinatenga okhawo amene anali ndi zilembo zokhazokha, zooneka ngati nyerere zakufa. Khadi lachikasu lija ndinalikonda chifukwa cha kulimba kwake, ndiye ndinaliboola n'kuliika pakati, pamene tsekera zimapingasana. Ndinamata ndi phala la chinangwa, ulusi n'kusomola m'chiguduli. Kaitiyo inauluka kuposa za anzanga onse, masana amodzi okha, kenako mphepo inaiponya pa waya.

Patapita masiku atatu achimwene anatuluka m'chipinda atanyamula sutikesi yotsekula. Sanakuwe. Anangofunsa kuti, “Amayi, mwasonkhera moto mapepala anga?” Amayi anakana, koma iwo sanakhulupirire, poti ndani wina m'nyumba muja amene ankadana ndi nkhonya? Ine ndinali pomwepo, mbatata yootcha ili m'manja. Amayi anayang'ana kunja, cha kunjanji, kenako anayang'ana ine. Ndinadikira kuti anditchule. Sananditchule, ndipo ine ndinapitiriza kusenda mbatata yanga. Amayi ankadziwa kulemera kwa dzanja la mwana wawo wamkulu.

Milungu yotsatira achimwene ankadutsa pansi pa kaiti ija tsiku ndi tsiku, osadzutsa mutu. Thumba la mchenga linasiya kulira. Kutayamba kutentha anakwera sitima osatsanzika amayi. Wa ku Halale uja sanawalandire opanda khadi, ndiye tinangomva kuti apitirira kumigodi ya ku Joni. Kalata inabwera imodzi yokha, yolembera bambo. Amayi anamwalira akumvabe mluzu wa sitima iliyonse.

Kuwerenga ndinaphunzira ndili ndi ana atatu, kusukulu ya kwacha, nditapanikizana pabenchi ndi amayi oyamwitsa. Tsiku limene zilembo zinasiya kukhala nyerere m'maso mwanga ndi limene ndinamvetsa chimene ndinaulutsa.

Tsopano ndimakhala kutsidya kwa nyanja, ku Armadale, kwa mwana wanga wamkazi, amene ndi namwino. Mdzukulu wanga Takondwa amaphunzira nkhonya m'shedi ina ku Welshpool, pakati pa nyumba zosungira katundu, ndipo kumeneko kuli mzungu wina wokalamba ngati ine amene amasonkhanitsa mbiri ya ankhonya akale kuchokera m'nyuzipepala zakale. Takondwa atamuuza za achimwene, mzunguyo anatiitana. Ndinavala jekete, tinakwera sitima kenako basi. Bamboyo anafufuza pakompyuta n'kundionetsa anthu atatu: Honore Likoswe, Onore Likoswe ndi Henry Likoswe. Woyamba anapambana kawiri, wachiwiri katatu, wachitatu anangomenya kamodzi n'kugonja. Anati mayina achifalansa amamuzunza chomwechi kulikonse kumene anadutsa m'manja mwa makalaliki achingelezi.

Ndinamuuza kuti onsewo ndi munthu mmodzi, achimwene anga enieni. Anamwetulira mwaulemu n'kunena kuti angakhale pachibale, ndipo sangawaphatikize popanda pepala. Mtima unandiwira. Ine amene ndikudziwa fungo la thukuta lawo, amene ndingaloze dzino limene linathyoka, sindine umboni, koma kalaliki wa khutu lotseka amene sanafunse n'komwe kalembedwe kake ndiye umboni! Kenako anafunsa ngati pabanja tinasunga khadi lawo. Pakamwa panga panatuluka mawu oti linadyedwa ndi chiswe. Imvi zonsezi, ndinabisalanso kuseri kwa wina.

M'sitima pobwerera, titadutsa masiteshoni angapo, Takondwa anatembenukira kwa ine. Mwanayu amandiyankha m'Chingelezi nthawi zonse, koma tsiku limeneli anasonkhanitsa Chichewa chake chopindikapindika n'kufunsa kuti, “Agogo, chiswe chimadya sutikesi yachitsulo?” Ndinali nditaiwala kuti ndinamuuzapo za sutikesiyo. Akuluakulu amati mlandu suola, ndipo wanga unandipeza kutsidya kwa nyanja, pakamwa pa mwana wobadwira kuno. Ndinamuuza zonse, za mbatata zomwe.

Ndinalembera mzungu uja kalata ndi dzanja langa, dzina la achimwene n'kulilemba monga lilili m'buku la ubatizo, ndi kamzere kake kapamwamba. Anandithokoza, anaika mawu ochepa pansi pa mayinawo oti mbale wawo akuti ndi munthu mmodzi. Akuti. Achimwene akadali anthu atatu, ndipo wogonja uja ali payekha, wopanda chomuteteza. Zimenezo mwina mwana wina adzazikonza akadzapeza pepala lina kwinakwake. Koma palibe kompyuta kapena buku la ankhonya limene lili ndi malo a dzina la amayi, ndiye ndilemba pano, pamene ndingathe. Amayi sanasonkhere moto mapepala aja. Ndinali ine.